Mbiri ya Sheffield FC, Timu Yakale Kwambiri pa Mpira Wamiyendo

Sheffield Football Club, imene ochemerera ake amangoitchula kuti The Club, ndi timu yaing'ono ya kumpoto kwa England yomwe inakhazikitsidwa pa 24 Okutobala 1857. Bungwe la FIFA, limene limayendetsa mpira wamiyendo pa dziko lonse, komanso bungwe la Football Association, lomwe mwachidule limatchedwa FA ndipo limayang'anira masewerowa ku England, onse amavomereza kuti imeneyi ndiyo timu yakale kwambiri mwa matimu odziimira paokha amene akusewerabe mpaka lero. Timuyi ndi yosiyana ndi Sheffield Wednesday ndi Sheffield United, matimu awiri otchuka a mumzinda womwewo amene anabadwa pambuyo pake, chifukwa pamene awiriwa ali ndi mabwalo olowa anthu zikwizikwi, Sheffield FC imasewera m'magawo apansi a mpira wa ku England, pamaso pa anthu mazana ochepa, ndi osewera amene masana amakhala ali ku ntchito zina ndipo ku mpira amangolandirako kangachepe. Kuchepa kwa timuyi kunachokera pa zimene eni ake anasankha ndi maso ali kuona pa nthawi imene ndalama zinkalowa mu mpira, ndipo mbiri yake imaonetsa bwino lomwe mmene masewero a anthu ochita bwino anasandukira ntchito ya anthu wamba.

M'zaka za m'ma 1850, Sheffield unali mzinda wa zitsulo umene unkakula mofulumira, wodziwika ndi mipeni, malumo, zida za amisiri ndi ziwiya zokutidwa ndi siliva. Anthu ambiri a mumzindawu ankagwira ntchito m'mafakitale ndi m'malo osulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma pamwamba pawo panali gulu la eni mafakitale, amalonda, maloya ndi madokotala, amene anali ndi nthawi komanso ndalama zochitira masewero. Masewero awo aakulu anali kriketi, imene imaseweredwa m'chilimwe chokha, ndipo mu 1855 anatsegula bwalo la Bramall Lane kuti azichitirapo masewerowa. Nyengo yozizira ikafika, pamene mabwalo amadzaza matope ndipo dzuwa limalowa msanga, anyamata a kriketi ankasowa chowalimbitsa matupi, motero ena mwa iwo anayamba kumakumana n'kumamenya mpira wachikopa popanda malamulo okhazikika. Mpira pawokha sunali wachilendo ku England, popeza midzi inkapikisana pa masiku a chikondwerero kwa zaka mazana ambiri, ndipo sukulu za ana a anthu olemera monga Eton, Harrow ndi Rugby zinali ndi kaseweredwe kakekake. Chimene chinali chosowa kwambiri ndi gulu la anthu aakulu, losadalira sukulu kapena yunivesite, lokhala ndi mlembi, ndalama za umembala ndi malamulo olembedwa, lomwe cholinga chake chinali mpira basi.

Anthu awiri amene anayambitsa gulu lotere anali Nathaniel Creswick, loya wochokera m'banja lopanga ziwiya za siliva, ndi William Prest, wogulitsa vinyo amene anabadwira ku York ndipo anali katswiri pa kriketi. Onse anali ndi zaka za m'ma 20 pa nthawiyo, ndipo onse anadzatenga mbali poyambitsa gulu la asilikali ongodzipereka la Hallamshire Rifles mu 1859, zomwe zikusonyeza mtundu wa anthu amene anali: amuna a maudindo, okhulupirira kuti thupi lolimba ndi mwambo ndi mbali ya ulemu wa munthu. Likulu loyamba la timuyi linali kanyumba kagalasi kolereramo mbewu, pafupi ndi msewu wa East Bank, kamene anabwereka ku banja la Frederick Ward, yemwe anakhala pulezidenti woyamba wa timuyi, ndipo munda woyandikana ndi kanyumbako ndiwo unali bwalo lawo. Popeza kunalibe timu ina yoti apikisane nayo, mamembala ankagawana okhaokha: tsiku lina okwatira ankalimbana ndi osakwatira, tsiku lina amene maina awo ankayamba ndi zilembo zoyambirira za alifabeti ankalimbana ndi a zilembo zotsiriza, ndipo nthawi zina anthu a ntchito zophunzirira monga maloya ndi madokotala ankakumana ndi ena onse otsala.

Mu Okutobala 1858, mamembala anakhala pansi n'kugwirizana pa malamulo a kaseweredwe, amene anasindikizidwa chaka chotsatira ndipo anadzatchuka ndi dzina loti Sheffield Rules. Munthu wozolowera mpira wa lero akanaonerera masewero a pa East Bank akanadabwa nazo zambiri. Wosewera ankaloledwa kuwakha mpira uli m'malere usanagunde pansi, ndipo akatero ankapatsidwa mwayi woumenya popanda womusokoneza; ankaloledwanso kuukankha kapena kuumenya ndi dzanja, koma kuunyamula n'kumathamanga nawo kunali koletsedwa. Kukankha mdani ndi manja kunali kololedwa, pamene kumutchera mwendo ndi kumumenya dala m'misongolo kunali koletsedwa, ndipo lamulo limeneli linali lofunika kwambiri kwa anthu amene m'mawa mwake ankayenera kukaonekera ku khoti kapena ku sitolo akuyenda bwinobwino. Panalibe lamulo la ofusayidi, limene limaletsa wosewera kukadikirira mpira kuseri kwa otchinga kumbuyo a timu inayo. Panalibenso yunifomu, koma membala aliyense ankayenera kukhala ndi zipewa ziwiri za nsalu, chofiira ndi chabuluu wakuda, kuti mbali iliyonse izivala mtundu umodzi.

Malamulowa sanakhale chimodzimodzi kwa nthawi yaitali, chifukwa ankasinthidwa malinga ndi mavuto amene ankaoneka pabwalo. Mu 1862 anakhazikitsa kukula kwa golo, kuti m'lifupi likhale la mamita pafupifupi 3.7 ndipo likhale ndi mtanda wopingasa pamwamba pa msinkhu wa mamita pafupifupi 2.7, pa nthawi imene malamulo ena analibe malire a pamwamba pa golo. Golo loterolo linali lopapatiza kwambiri poyerekeza ndi la lero, lomwe m'lifupi ndi mamita 7.32, ndipo masewero ambiri ankatha popanda chigoli. Pofuna kuti wopambana azipezeka, anabwereka ku sukulu ya Eton njira yotchedwa rouge: mbali zonse ziwiri za golo ankazikako mbendera, ndipo mpira ukaphonya golo koma n'kudutsa pakati pa mbenderazo, wosewera wa timu yofuna kugoletsa akayamba ndiye kuugwira uli pansi, timu yake inkapeza rouge imodzi. Zigoli zikafanana, timu ya ma rouge ambiri ndiyo inkapambana. Mu 1868 njirayi inathetsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa mpira wa pakona, umene unali chiyambi cha kona imene imaseweredwa lero pa dziko lonse.

Mdani woyamba weniweni anapezeka mu 1860, pamene anthu a kalabu ya kriketi ya Hallam, kumadzulo kwa mzindawu, anayambitsa timu yawo ya mpira motsogozedwa ndi John Charles Shaw, amene poyamba anali membala wa Sheffield FC. Matimu awiriwa anakumana koyamba pa 26 Disembala 1860 pa bwalo la Sandygate, ndipo Sheffield inapambana ndi zigoli 2 kwa 0. Hallam ikusewerabe pa bwalo lomwelo, lomwe limadziwika kuti ndilo bwalo lakale kwambiri la mpira wamiyendo limene likugwirabe ntchito, ndipo matimu awiriwa akakumana masewerowo amatchedwa Rules derby pokumbukira malamulo amene onse ankatsatira. Mpikisano wawo unali ndi ukali kuyambira pachiyambi. Pa 29 Disembala 1862 anakumana pa Bramall Lane m'masewero osonkhetsa ndalama zothandizira ogwira ntchito m'mafakitale a thonje ku Lancashire, amene anali pa njala chifukwa nkhondo yapachiweniweni ya ku America inali itadula thonje lobwera ku England. Masewero achifundowo anatha 0 kwa 0, koma amakumbukiridwa chifukwa cha nkhonya imene inagwa pakati pa Creswick mwiniwake ndi wosewera wa Hallam dzina lake Waterfall, mpaka oonerera analowa m'bwalo, ndipo mbali ziwirizo zinapitiriza kulozana zala m'nyuzipepala. Pofika chaka chimenecho, dera la Sheffield linali ndi matimu pafupifupi 15, onse otsatira malamulo amodzi, zimene kunalibe kwina kulikonse.

Pa 26 Okutobala 1863, nthumwi za matimu a ku London ndi madera ozungulira zinakumana ku Freemasons' Tavern n'kukhazikitsa FA, ndi cholinga chokonza malamulo amodzi a dziko lonse. Sheffield FC inalowa m'bungweli chaka chomwecho kudzera mwa mlembi wake William Chesterman, koma inapitiriza kusewera motsatira malamulo akwawo, ndipo kwa zaka 14 ku England kunali mitundu iwiri ya malamulo a mpira wamiyendo imene inkayendera limodzi. M'zaka zoyambirira bungwe la ku London ndilo linali lofooka, chifukwa linali ndi mamembala ochepa ndipo ena a iwo sankatsatira n'komwe malamulo ake, pamene ku Sheffield mpira unkaseweredwa mlungu ndi mlungu. Pa 2 Januwale 1865 Sheffield FC inasewera koyamba kunja kwa mzinda wake, ku Nottingham, mbali iliyonse ili ndi osewera 18, ndipo pa 31 Malichi 1866 inapita ku Battersea Park kukakumana ndi timu yosankhidwa ya London motsatira malamulo a FA. Inagonja, koma masewerowo ali ndi malo m'mbiri chifukwa mbali ziwirizo zinapangana kale kuti asewera mphindi 90 ndiponso kuti agwiritsa ntchito mpira wa saizi 5, ndipo zonse ziwiri zidakalipo mpaka lero. Mu 1867 matimu a mumzindawu anapanga bungwe lawo la Sheffield Football Association, limene linkatumiza maganizo ake ku London, ndipo mu 1872 FA inavomera kona potsatira pempho la bungweli. Mkangano wotsiriza unali wa mmene mpira uyenera kubwezedwera m'bwalo ukatuluka m'mbali, ndipo utathetsedwa mu 1877, matimu a ku Sheffield anasiya malamulo awo n'kutenga a FA, amene pofika nthawiyo anali atamwa kale zambiri za ku Sheffield.

Ngakhale kuti mzinda wonse unkatsogola chotere, Sheffield FC inayamba kudzipatula kwa anansi ake molawirira. Chapakati pa zaka za m'ma 1860 inaganiza zoti izisewera makamaka ndi matimu a m'mizinda ina, ndipo pamene Thomas Youdan, mwini nyumba ya zisudzo, anaika chikho mu 1867 choti matimu a mumzindawu alimbirane, timu yakaleyi sinalowe nawo. Chikho cha Youdan, chimene chinayamba zaka zinayi FA Cup isanabadwe ndipo ndicho chikho choyamba m'mbiri ya mpira wamiyendo, chinatengedwa ndi Hallam itagonjetsa Norfolk pa Bramall Lane, popanda chigoli koma ndi ma rouge 2 kwa 0. Matimu atsopano ankachokera m'matchalitchi, m'malo omwera mowa ndi m'mafakitale, ndipo osewera ake anali amisiri ndi antchito, pamene Sheffield FC inakhalabe kalabu ya anthu apamwamba. Inalowa mu FA Cup koyamba mu nyengo ya 1873 mpaka 1874, ndipo masewero ake oyamba, olimbana ndi Shropshire Wanderers, atatha mofanana mphamvu kawiri, wopitirira anapezeka poponya ndalama yachitsulo m'mwamba, ndipo mwayi unagwera Sheffield. Inafika m'ndime ya kotafainolo mu 1874, 1876 ndi 1878, ndipo apa ndi pamene mphamvu zake pa mpikisano waukuluwu zinathera.

Chimene chinasintha zonse ndi khamu la oonerera. Antchito atayamba kuweruka masana Loweruka, anapeza nthawi yopita ku mabwalo, ndipo matimu ataona kuti anthu akulolera kulipira pakhomo, anayamba kusakasaka osewera aluso kulikonse kumene anali. Malamulo a FA ankaletsa kulipira wosewera, koma njira zozembera zinali zambiri, ndipo imodzi mwa nkhani zoyambirira inachitikira ku Sheffield komweko: mu 1876 James Lang wa ku Glasgow anabwera kudzasewerera Wednesday, ndipo mmodzi wa akuluakulu a timuyo anamulemba ntchito pa kampani yake ya mipeni pomwe analibe chochita chenicheni. Mu 1879 kunabadwa timu yotchedwa Zulus, imene poyamba inkasonkhetsa ndalama zothandizira mabanja a asilikali a Britain ophedwa pa nkhondo yolimbana ndi Azulu chaka chomwecho. Osewera ake ankadzipaka zakuda kumaso, kunyamula zishango ndi kudzitcha maina a Chizulu, chionetsero chimene chinkasandutsa mtundu wa anthu chinthu choseketsa khamu. Zitadziwika kuti osewerawo akugawana ndalama za pakhomo, bungwe la Sheffield linawaletsa. Ku Lancashire matimu a m'matauni a thonje ankaitana osewera a ku Scotland mosabisa kwenikweni, ndipo mu 1883 Blackburn Olympic, timu ya anthu ogwira ntchito zamanja, inatenga FA Cup itagonjetsa Old Etonians. Mu 1884 Preston North End inachotsedwa mu mpikisanowu itavomera kuti imalipira osewera, matimu a kumpoto anaopseza kuti atuluka m'bungwe, ndipo mu Julayi 1885 FA inaloleza mpira wa malipiro.

Akuluakulu a mpira ku Sheffield anali m'gulu la amene anakana kusinthaku mwamphamvu. Mmodzi wa iwo anali Charles Clegg, loya amene anasewererapo Sheffield FC ndi Wednesday, amene anaimira England pa masewero oyamba a pakati pa mayiko, olimbana ndi Scotland ku Glasgow mu 1872, ndipo anadzakhala wapampando wa FA kwa zaka zambiri kuyambira mu 1890. Anthu a maganizo ake ankaopa kuti malipiro abweretsa njuga, katangale ndi mtima wofuna kupambana mwa njira iliyonse, ndipo mbiri ya mpira yaonetsa kuti mantha awowo anali ndi maziko. Komabe mfundo yawo inali ndi mbali ina imene iwo sankaiona bwino. Loya kapena mwana wa mwini fakitale ankatha kusiya ofesi, kukwera sitima pa ndalama zake n'kukasewera ku London osataya kanthu, pamene wonola mipeni akajomba tsiku limodzi banja lake linkagona ndi njala, ndipo akathyoka mwendo pabwalo ntchito inkathera pomwepo. Kuletsa malipiro kunali kunena kuti mpira wapamwamba ukhale wa okhawo amene ali ndi chuma kale. Wednesday inazindikira zimenezi mu 1887, pamene osewera ake anaopseza kuti achoka kukayambitsa timu ina, ndipo inayamba kulipira. Mu 1888 kunayamba Football League ndi matimu 12, ndipo mu 1889 oyendetsa bwalo la Bramall Lane anayambitsa Sheffield United kuti bwalolo lizipeza ndalama nyengo yozizira. Wednesday inatenga FA Cup mu 1896, United inatenga ligi mu 1898 ndi FA Cup mu 1899, ndipo Sheffield FC, imene inasankha kukhalabe yosalipira osewera, inatsala ngati mtengo wakale umene waphimbidwa ndi mphukira zake zomwe.

Timuyi inayesa kulowa mu Midland League pamene ligiyi inkayamba mu 1889, koma inangokhalamo nyengo imodzi chifukwa sinkatha kulimbana ndi matimu olipira osewera. Akuluakulu ake anaona kuti matimu osalipira akufunika mpikisano wawowawo, ndipo mu 1892 anapempha FA kuti ikhazikitse chikho chotero. Poyamba bungwelo linakana, koma chaka chotsatira linayambitsa FA Amateur Cup, chikho cha matimu a osewera osalandira malipiro, chimene kwa zaka 80 chinali ulemu waukulu kwa matimu oterowo. Mu 1904 Sheffield FC inafika m'ndime yotsiriza ya chikhochi n'kugonjetsa Ealing ndi zigoli 3 kwa 1 pa bwalo la Valley Parade ku Bradford, ndipo chimenechi ndicho chikho chachikulu kwambiri chimene timuyi yatengapo.

Zaka zotsatira zinali zachete. Timuyi inkasewera m'maligi a m'dera, inakhala pa Abbeydale Park kuyambira mu 1921, inalowa mu Yorkshire League mu 1949, ndipo mu 1957 inakondwerera zaka 100, mwa zina pokumana ndi Queen's Park ya ku Glasgow, timu yakale kwambiri ya ku Scotland, imene nayonso inakana malipiro mpaka mu 2019. Mu 1974 FA inathetsa kusiyanitsa osewera olipidwa ndi osalipidwa, makamaka chifukwa zinali zodziwika kwa aliyense kuti matimu ambiri odzitcha osalipira ankapereka ndalama mobisa, ndipo Amateur Cup inalowedwa m'malo ndi FA Vase, chikho cha matimu ang'onoang'ono. Mu 1977 Sheffield FC inafika m'ndime yotsiriza ya chikho chatsopanochi pa Wembley, pomwe inafanana mphamvu 1 kwa 1 ndi Billericay Town, koma pa masewero obwereza ku City Ground ku Nottingham inagonja 2 kwa 1. Mu 1982 Yorkshire League inaphatikizidwa ndi Midland League kupanga Northern Counties East League, ndipo timuyi inalowa mmenemo.

Kuyambira pamene lamulo la 1974 linadza, matimu ngati Sheffield FC akhala pakatikati, osakhala a malipiro athunthu komanso osakhala ongosewerera chisangalalo. Mpira wa ku England unasanjidwa m'magawo olumikizana, moti timu ikachita bwino imakwera ndipo ikalephera imatsika: pamwamba pali Premier League ndi magawo atatu a English Football League, omwe onse pamodzi ali ndi matimu 92 a osewera olembedwa ntchito ya mpira basi, ndipo pansi pake pali National League ndi maligi ambirimbiri a m'zigawo. M'magawo apansiwa wosewera amakhala mphunzitsi, womanga nyumba, woyendetsa galimoto kapena wophunzira, amachita zokonzekera madzulo akaweruka, amasewera Loweruka masana ndiponso nthawi zina pakati pa mlungu usiku, ndipo amalandira ndalama yothandizira pa ulendo ndi zina zochepa. Ntchito zambiri za timu, monga kugulitsa matikiti pakhomo, kutchetcha bwalo, kuchapa yunifomu ndi kuphika tiyi wa oonerera, zimagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Ndalama zimachokera pakhomo, ku malonda a chakudya ndi zakumwa, kwa amalonda a m'dera ndi ku mphoto za ndime zoyambirira za FA Cup, ndipo nyengo imodzi ya mvula yambiri imene yalepheretsa masewero angapo a pakhomo imakwana kugwedeza thumba la timu.

Vuto lalikulu la Sheffield FC m'zaka zonsezi linali losowa bwalo lakelake. Kwa zaka zoposa 140 inkachita lendi kapena kubwereka, kuchokera ku East Bank, kudutsa ku Newhall, Old Forge ndi Ecclesall Road, mpaka ku Abbeydale Park, kumene inachoka mu 1988 chifukwa bwalolo silinkakwaniritsa zofunika za ligi. Kenaka inayendayenda pa Hillsborough Park, Owlerton ndi Don Valley Stadium, bwalo lalikulu la mpikisano wothamanga mmene oonerera ochepa a timuyi ankangomwazikana m'mipando yopanda anthu. Timu yopanda bwalo ilibe pogulitsira chakudya ndi zakumwa, ilibe poika zikwangwani za amalonda, ndiponso siikhala ndi anthu oyandikana nayo oti aziitcha yawo. Mu 2001, motsogozedwa ndi wapampando Richard Tims, timuyi inapeza bwalo lake loyamba pafupi ndi malo omwera a Coach and Horses ku Dronfield, ndipo pambuyo pake inatenganso malo omwerawo. Bwaloli limalowa anthu pafupifupi 2,000, ndipo lili kunja kwa malire a Sheffield, m'chigawo cha Derbyshire, moti timu imene inapatsa mzindawu dzina pa mbiri ya mpira inayenera kutuluka mumzindawo kuti ipeze pokhala.

Utsogoleri watsopanowu unazindikira kuti chuma chenicheni cha timuyi ndi mbiri yake, ndipo unayamba kuigwiritsa ntchito poitana mamembala ochokera m'mayiko ena ndi kugulitsa malaya ndi zikumbutso. Mu 2004, pamene FIFA inkakondwerera zaka 100, inapereka mendulo yake yaulemu ya Order of Merit kwa matimu awiri, Real Madrid ndi Sheffield FC, ina chifukwa cha zikho zake ndipo inayo chifukwa choyambitsa njira imene matimu onse anadzatsatira. Chaka cha 2007 chinali chabwino pabwalo ndi kunja komwe: timuyi inakwera kulowa mu Northern Premier League, gawo la nambala 8 kuchokera pamwamba, ndipo pokondwerera zaka 150 inasewera ndi Inter Milan pa Bramall Lane mu Novembala, pamaso pa anthu oposa 18,000, Pelé ali mlendo wolemekezeka. Inter, imene inabwera ndi Marco Materazzi ndi Mario Balotelli akadali mnyamata, inapambana 5 kwa 2, ndipo mu Epulo 2008 Sheffield inagonjetsa timu yochokera ku Ajax ndi zigoli 2 kwa 0 pa bwalo lomwelo.

Ulemu woterewu sunalipire ngongole. Mu Julayi 2011 timuyi inagulitsa zolembedwa zake zakale pa malonda a Sotheby's ku London, kuphatikizapo malamulo olembedwa pamanja a 1858 ndi kabuku kosindikizidwa ka 1859, ndipo zinagulidwa pa mapaundi 881,250. Akuluakulu a timuyi anafotokoza kuti ndalamazo zinali zoteteza tsogolo lake, ndipo n'zovuta kuwadzudzula, popeza timu yamoyo iposa mapepala osungidwa m'bokosi. Komabe n'zomvetsa chisoni kuti m'dziko limene matimu aakulu amalipira wosewera mmodzi ndalama zoposa zimenezo m'milungu yowerengeka, panalibe njira yosungira zolembedwazo m'manja mwa timu kapena mzinda umene zinachokera. Vuto la ndalama linaonekanso pa timu ya amayi ya Sheffield FC, imene inayamba mu 2003 m'magawo apansi n'kukwera mofulumira mpaka kugonjetsa Portsmouth mu 2015 ndi kulowa m'gawo lachiwiri la ligi ya amayi ya dziko lonse. Mu 2018, pamene FA inkakonzanso ligiyo ndi kukweza zofunika pa chuma ndi kayendetsedwe, timu ya amayiyo inachoka m'gawolo chifukwa kalabu sikanatha kunyamula mtolo wa ndalama zake, ndipo inabwerera m'gawo lapansi. Nkhani yobwerera mumzinda yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri, poyamba ndi maganizo omanga bwalo ku Olive Grove, pafupi ndi munda wa East Bank pamene masewero oyamba ankachitikira, kenaka ku Meadowhead kum'mwera kwa mzindawu, pa bwalo limene ingamagwiritse ntchito limodzi ndi Sheffield Eagles, timu ya mpira wa ragibe.